Chibowo cha m'Bokosi Lachitatu

Ana anga, amayi anu andiuza kuti nkhani za kuntchito kwanga azimva mokwanira, ndipo makutu awo nawonso akufuna kupuma monga ndinapumira ine. Andigulira kope ndi bolopeni kuti ndizivutitsa pepala. Za ubwana wanga sindilemba, chifukwa palibe chimene ndinachita paubwana chimene mbuzi za kwathu sizinachite. Ndiyambira tsiku limene ndinapatsidwa tsache, poti tsachelo ndi limene linandifikitsa pa nkhani ya ukonde imene mwakhala mukuimva mwa apo ndi apo.

Chaka choyamba pantchito

Ndinalembedwa ntchito kumiyuziyamu ya m'tauni mwathu muno nditangokwatira amayi anu. Miyuziyamu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti anthu azidzaziona, koma ine panthawiyo ndinkangoiona ngati nyumba ya fumbi lambiri. Ntchito yanga inali kusesa, kupukuta magalasi ndi kuthamangitsa mileme kudenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo zilembo zimene ndinkazidziwa bwino zinali za kumadrasa. Zinazi ndinkazidziwa ngati anthu a mudzi woyandikana nawo: nkhope ndinkazizindikira, koma zikaima pamodzi zambiri ndinkachita manyazi.

Amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi timapepala tofotokozera timene timamatidwa pafupi ndi chinthu chilichonse m'magalasi. Ukamapukuta galasi lomwelo m'mawa uliwonse, kapepala kake kamayamba kukuyang'ana ngati kakudikira moni. Ndinayamba ndi ta Chichewa, kenako ndinalimba mtima n'kukwera ku ta Chingerezi timene tinali pamwamba pake. Tsiku lina abwana athu a Mbewe, munthu wamfupi wokonda kuseka, anandipeza nditaima kutsogolo kwa nkhwangwa yamwala, tsache lili m'khwapa, milomo ikugwedera. Anandifunsa ngati ndikuipempherera nkhwangwayo. Nditawauza zoona analowa muofesi n'kutulukamo ndi dikishonale yopanda chikuto, imene masamba ake omaliza anali atadyedwa ndi chiswe. Mpaka lero mawu a Chingerezi okhala kumapeto kwa bukulo ndimangowalonjera chapatali. Kuchokera pamenepo ndinkawerenga chilichonse, nyuzi zokulungira tchipisi, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, ngakhale zolembedwa kumbuyo kwa minibasi, zimene zinatsala pang'ono kundigwetsera mu ngalande kangapo. Ndinatenganso matenda amene amagwira anthu odziphunzitsa okha, okhulupirira kuti cholembedwa chilichonse ndi choona. Munthu akanditsutsa ndinkangoti zinalembedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi anu akuti matendawa sanachoke onse.

Chaka chachisanu ndi chimodzi

Chimene chinkawapweteka a Mbewe n'chakuti ana obwera kudzaona zinthu zathu anali a sukulu za m'tauni zokha, otha kufika wapansi. Mwana wa ku Nkhudzi kapena ku Lungwena, amene makolo ake ndiwo anapanga zinthuzo, ankakula mpaka kukwatira osaziona. Ndiye anaganiza kuti zinthuzo ndizo zizipita kwa ana. Anaitana kalipentala, iye anakhoma mabokosi anayi a matabwa okhala ndi zogwirira za chingwe, ndipo lililonse analilemba nambala ndi penti yoyera. Loyamba linali la zaulimi, lachiwiri la zovala ndi zoimbira, lachitatu la usodzi, lachinayi la miphika ndi mikanda. Mkati mwa chivindikiro munamatidwa mndandanda wa zonse za m'bokosimo. Bokosi linkabwereketsedwa kusukulu kwa milungu iwiri, aphunzitsi n'kumaphunzitsira, ana n'kumagwira zinthuzo ndi manja awo, kenako linkabwerera kwathu.

Vuto linali wonyamula. Galimoto tinali nayo, koma inali yokonda mthunzi. Mafuta akapezeka tayala linali litaphwa, tayala likakonzedwa dalaivala anali kumaliro. A Mbewe anayang'ana uku ndi uku, anaona ine ndi miyendo yanga yaitaliyi, n'kunditulutsira njinga yakuda ya kaliyala yolimba. Anati popeza timapepala tonse ndinataloweza, ndizikawafotokozeranso ana tsiku loyamba. Pa tsache analembapo munthu wina. Ichi muchisunge, chifukwa chibweranso: kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali mabokosi, ndipo popanda mabokosi panalibenso ntchito ya ine Amidu.

Zaka zimenezo zinali zokoma. Ku Malindi ndi ku Lungwena ndinkapalasa ndekha ndikawoloka mlatho wa Shire. Ku Nkhudzi ndinkakweza njinga ndi bokosi pamatola, n'kumalizitsa mumchenga ndikukankha. Zosowa zinalipo. Magolovesi ogwirira zinthu zakale tinali ndi peyala imodzi muofesi monse, ndipo mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa makalendala akale. Koma ulemu umene ndinkalandira kumidzi sindinaupezepo kwina. Ulendo woyamba ku Malindi ana ataona bokosi lanambala pa kaliyala anathawira m'chinangwa, poganiza kuti kwabwera katemera. Patapita miyezi ingapo ana omwewo ankandithamangira kuchokera kumsewu, ndipo aphunzitsi ankandipatsa mpando wokhala ndi miyendo yonse inayi. Mtsikana wina wa Sitandade 3 atagwira nkhwangwa yamwala anandifunsa ngati mpini ndauiwala kuofesi. Munthu wa Sitandade 4 ndinkaimirira kutsogolo kwa a Sitandade 8, iwo n'kumalemba zimene ndikunena. Ndikamabwerera ndinkapalasa ngati njingayo ndagula ndine.

Chaka chachisanu ndi chinayi

Mwambo wa kwathu kuno mukuudziwa. Mnansi akakupatsa chakudya m'mbale, mbaleyo suibweza yopanda kanthu, umaikamo ngakhale mtedza wodzaza dzanja. A Mbewe popanga mabokosi aja sanaganizire kuti anthu a m'mbali mwa nyanja adzaliona bokosi ngati mbale. Linkapita lopepuka n'kubwera lolemera. Ndikatsegula ndinkapeza usipa wokulunga m'nyuzi, mbatata, mango, tsiku lina mazira anayi atagonekedwa bwinobwino pakati pa mikanda. Kukana kunali kosatheka, ukanakhala ngati watukwana mudzi wonse. Ndinkangochotsa zakudyazo panjira n'kubwera nazo kunyumba, ndipo inu akuluakulu awirinu munakulira usipa wa miyuziyamu osadziwa.

Chaka chimenecho a Mbewe anasamutsidwa, m'malo mwawo munabwera Mayi Gondwe, mayi wamtali wochokera kumpoto, amene anaphunzira za kasungidwe ka zinthu zakale mpaka kunja. Ankayankhula motsitsa, moti munthu unkachita kuweramira kuti umve mmene akukudzudzulira. Atangokhala miyezi iwiri, tsoka linandigwera. Sukulu zitatsekera, bokosi lachiwiri linakhala m'chipinda chosungiramo katundu tchuthi chonse, ndipo ine sindinaone kuti pansi pa nsalu ya chiwondo, nsalu ija yopangidwa ndi khungwa la mtengo, wina anali atabisapo kaphukusi ka usipa. Titatsegula tinapeza tizilombo tamaliza usipa n'kuona kuti sitinakhute. Chiwondo chinali ngati sefa, ndipo chikopa cha kang'oma chinali chitatha mbali imodzi.

Mayi Gondwe anakhala pansi n'kuyang'ana chiwondocho nthawi yaitali. Sanakalipe. Anandiuza kuti nsalu imeneyo inapulumuka mvula, moto ndi misamuko ya anthu kwa zaka zosawerengeka, koma yaphedwa ndi kukoma mtima. Kenako ananena mawu amene ndinawasunga onse: "Che Amidu, mabokosiwa sindidana nawo. Koma chinthu china chikadzangobwera chitasintha, onse anayi ndidzawatsekera, ndipo sadzatulukanso." Anakonzanso fomu yoti ndizisainira bokosi likabwera. Pamunsi pake panali funso limodzi, lakuti kodi pali chimene chasintha, ndi kampata koyankhira. Kuyambira pamenepo ndinkayenda m'sukulu ndikupempha ngati munthu wofuna mavoti, kuti amene ali ndi mphatso aziika m'thumba langa, bokosi alisiye. Anthu anamva, ndipo thumba langa silinadandaule.

Chaka chakhumi, nyengo ya mwera

M'bokosi lachitatu munali mbedza zosula, kamono kakang'ono, miyala yomizira ukonde, ndi chinthu chimene Mayi Gondwe ankachikonda koposa, chidutswa cha ukonde wa bwazi. Chinali chachikulu ngati thaulo, chofiirira, ndipo pakati pake panali chibowo cholowa chibakera. Pamndandanda panalembedwa kuti ukonde wa bwazi, wong'ambika pakati. Tinalibe wina, ndipo sitinkadziwa kumene tingapeze wina.

Bokosilo ndinapita nalo ku sukulu ina ya ku Lungwena mphepo ya mwera itavuta. Nyanja ikakwiya chotero asodzi salowa m'madzi, amangokhala pamtunda kusoka maukonde ndi kutsutsana. Atamva kuti kusukulu kwabwera bokosi la usodzi anabwera ambiri n'kudzaza mawindo a kalasi, moti mkati munachita kamdima. Ine kuona anthu achuluka ndinakweza mawu. Ndinanyamula ukonde uja n'kunena zimene ndinaloweza pakapepala, kuti anthu akale ankapota ulusi kuchokera ku khungwa la chitsamba chotchedwa bwazi nayiloni isanabwere, ndipo luso limeneli linatha.

"Linatha liti?" anafunsa mawu ochokera pawindo.

Ndinayankha kuti linatha kalekale, zinalembedwa.

"Anthu akalewo ndife, achimwene. Tilipo, tikungodikira mphepo."

Kalasi yonse inaseka, aphunzitsi omwe. Wonenayo anali Che Ajibu, mkulu wa kofia yoyera ndi diso limodzi lochita ng'ala, amene anthu anandiuza kuti anasiya kulowa m'nyanja koma maukonde ovuta onse a pagombe amapita kwa iwo. Anapempha kuti augwire, ndipo poti bokosi linali logwira, ndinawapatsira pawindo pomwepo. Anaununkhiza, anaukoka pang'ono, kenako analowetsa zala m'chibowo chija n'kutsonya. Munthu wanzeru akanamva kutsonyako n'kuchenjera. Ine ndinali ndikuganizabe za mmene andisekera.

Patapita milungu iwiri ndinabwerera kukatenga bokosi. Ahedi a sukuluyo, a Banda, anandilandira akumwetulira, n'kunditsimikizira kuti m'bokosimo mulibe usipa ngakhale mutu umodzi, ndipo zinthu ndizipeza zili bwino kuposa mmene ndinazisiyira. Nditamva mawu omalizawo ndinathamangira kubokosi. Ndinatsegula, ndinawerenga mbedza, miyala, kamono, zonse zilipo. Nditatambasula ukonde, chibowo panalibe. Pamalo pake panali maso atsopano, ofanana ndendende ndi akale kukula kwake, osokedwa ndi nayiloni yobiriwira yowala ngati masamba a mpunga. A Banda anafotokoza kuti Che Ajibu anabwera Lachinayi kudzapempha kuti auonenso, anakhala nawo pakhonde, ndipo iwo atachokapo pang'ono kukaimba belu anapeza ntchito yatha. Anati mkuluyo ananena kuti sakanagona bwino podziwa kuti alendo abwereka mudzi ukonde, mudzi n'kuubweza uli wong'ambika, pamudzi pali amuna. A Banda ankayembekezera kuti ndithokoza, ndipo ndinathokozadi. Anandipatsa chinangwa chootcha cha panjira, m'thumba, monga mwa pangano.

Nditadutsa Malindi, dzuwa lili pamutu, ndinaimika njinga pansi pa mlambe n'kutsegulanso bokosi. M'kathumba ka zomatira matayala ndinali ndi lezala. Ndinawerengera kuti nayiloniyo ndikhoza kuidula mfundo imodziimodzi, chibowo n'kubwerera, mwina chitakula pang'ono, ndipo Mayi Gondwe sakanadziwa chifukwa chibowocho palibe anachiyezapo. Ndikapanda kutero mabokosi atsekeredwa, ana a kuno sadzawaonanso, ndipo ine ndibwerera kunyumba kukauza amayi anu, amene panthawiyo anali oyembekezera iwe Mariamu, kuti ntchito yatha chifukwa munthu wina watichitira chifundo. Lezala ndinalitulutsa ndithu, musaganize kuti bambo anu anali mngelo. Ndinaliika pamfundo yoyamba. Koma poyang'anitsitsa ndinaona mmene mkulu uja anagwirira ntchito. Nayiloni anaimangirira pa bwazi mofatsa, osakoka ulusi wakale ngakhale umodzi, ndipo nsonga zothothoka anazipinda n'kuzigwiriza kuti zisapitirire kumasuka. Ine ndi lezala langa ndikanadula zonse ziwiri. Pa anthu awirife, wowononga ukonde akanakhala ine.

Chimene chinandigwira dzanja kwenikweni ndi fomu ija. Ndikanafika kuofesi, ndikanatenga bolopeni n'kulemba m'kampata kaja kuti palibe chasintha. Ine amene ndinakhala zaka khumi ndikuuza anthu kuti zinalembedwa, ndikanalemba bodza ndi dzanja langa, bodzalo n'kulowa m'faelo, tsiku lina munthu wina wopusa ngati ine n'kudzaliwerenga n'kulikhulupirira. Ndinabweza lezala m'kathumba. Ndinadya chinangwa cha a Banda chonse, poganiza kuti mwina ndicho chomaliza, n'kukwera njinga. Msewu umenewo sunatalikepo ngati tsiku limenelo.

Mayi Gondwe anawerenga fomu, anavala magolovesi athu aja, n'kutambasula ukonde patebulo. Anafunsa kuti wachita ndani, ndinawauza zonse, za lezala zomwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti chimodzi chokha ndachita bwino, chomwe ndi kusachita kanthu. Madzulo omwewo mabokosi onse anayi analowa m'chipinda chosungiramo katundu, loko n'kulira. M'mawa mwake ndinalandira kalata ya chenjezo. Inali kalata yoyamba m'moyo wanga yotayipidwa ndi dzina langa pamwamba, ndipo ndinaiwerenga ndi dikishonale madzulo awiri. Inalembedwa bwino kwambiri. Ili m'sutikesi yachitsulo, mudzaipeza.

Mlungu wotsatira

Lolemba Mayi Gondwe anandiuza kuti akufuna akamuone munthu amene wasoka katundu wa miyuziyamu, ndipo akamufotokozere yekha kuti asadzachitenso kwa wina. Galimoto inali pamthunzi monga mwa nthawi zonse, ndiye tinakwera matola, iwo kutsogolo, ine kumbuyo pakati pa matumba a chimanga, ukonde uli m'katoni pamiyendo panga. Che Ajibu tinawapeza cham'mawa pansi pa mtengo pafupi ndi mathandala oyanikira nsomba, chala chakuphazi chitakola ukonde wa munthu wina. Atationa anaimirira, anatipatsa moni, n'kuitanitsa mkeka. Mayi Gondwe asanatsegule pakamwa, mkuluyo anayamba kupepesa. Anati akudziwa chimene abwanawo abwerera, ndipo iwonso chinthucho chakhala chikuwavuta mumtima. Nayiloni pa bwazi ndi chipongwe, anatero, koma nthawi inachepa. Bwazi umachita kukaufuna kumapiri, kusenda khungwa, kulipala, kuliyanika, kenako kupota ulusi pantchafu, ndipo zimenezo si za masiku awiri. Atawapatsa mwezi umodzi achotsa zobiriwirazo n'kuikapo zoyenera.

"Agogo, vuto si nayiloni," anatero Mayi Gondwe. "Vuto ndi lakuti munasoka."

Che Ajibu anatembenukira kwa ine n'kundifunsa m'Chiyao ngati amva bwino. Ndinawauza kuti amva bwino.

"Ndiye kuofesi kwanuko mumasunga chibowo?"

"Timasunga chinthu mmene tinachipezera."

"Kuno munthu wosunga chibowo timamutcha mlesi, amayi. Sindimadziwa kuti m'tauni ndi ntchito."

Ndinayang'ana pansi, chifukwa ndinadziwa kuti ndikayang'ana abwana ndiseka, kalata yachiwiri n'kubwera. Koma nditadzutsa maso ndinaona kuti iwo atulutsa kale kabuku m'chikwama, ndipo mkwiyo aiwala pamene anauika. Anapempha mkuluyo abwereze za khungwa zija pang'onopang'ono. Che Ajibu anabwereza, n'kuwonjeza kuti chibowo chimene tinkachisungacho sichinang'ambike ndi ukalamba kapena mwala, anang'amba ndi katumbu pofuna nsomba yokodwa, ndipo aliyense wamaso akanaona mmene ulusi unadukira. Miyuziyamu inasunga chibowocho zaka zonsezo osadziwa mwini wake. Kenako anawafunsa abwana kuti ukonde woti ana augwire ndi nsonga za zala, osaukoka, ukuwaphunzitsa chiyani. Anadandaula kuti maukonde a masiku ano amabwera osokasoka kuchokera kusitolo, opyapyala ngati tsitsi, akang'ambika anthu amangowataya pagombe, ndipo adzukulu awo omwe mfundo ya ukonde sakuidziwa.

Tinakhala pamkekapo mpaka nthawi ya swala, pemphero lathu la masana. Mayi Gondwe anadzaza masamba ambiri. Pomaliza anafunsa ngati Che Ajibu angathe kupanga chidutswa chatsopano cha bwazi weniweni, cholimba, choti chiziyenda m'bokosi m'malo mwa chakalecho. Mkuluyo anati Insha Allah, koma pakhale pangano limodzi. Pakati pake asiyapo chibowo mwadala, ndipo m'bokosimo aikamo singano yosokera ukonde ndi ulusi, kuti kulikonse kumene bokosi lafika ana azisoka okha. Mayi Gondwe anafunsa kuti nanga sukulu yoyamba ikasoka, yachiwiri idzasoka chiyani. Che Ajibu anandiloza ndi singano yawo.

"Uyu wa zinalembedwayu azimasula. Miyendo ali nayo, tione ngati zala ali nazo."

Pobwerera Mayi Gondwe sananene kuti asintha maganizo, ndipo ine sindinafunse. Mabokosi anakhala otsekeredwa miyezi itatu. Miyezi imeneyo ndinkagawana tsache ndi amene analowa m'malo mwanga, iye kumpoto kwa nyumba, ine kumwera, ndipo amayi anu anazindikira kuti usipa umagulidwa. Tsiku lililonse ndinkayembekezera kalata ina. M'malo mwake kunabwera uthenga wochokera ku Lungwena kuti ukonde watha kupangidwa, ndikautenge. Nditabwera nawo, wofiirira, wonunkha khungwa, chibowo chili pakati monga mwa pangano, Mayi Gondwe anauika okha m'bokosi lachitatu n'kundipatsa kiyi wa chipinda chija. Anangoti zinthu zosapezekanso ngati chiwondo zizikhala m'magalasi, m'mabokosi muziyenda zimene eni luso angathe kupanganso, ndipo ndiyambe kufunsa m'midzi kuti anthu akale ena ali kuti.

Ukonde wakale uja unalowa m'galasi ndi nayiloni yake yomwe, chifukwa abwana anaona kuti kuichotsa kukanawononga koposa. Panafunika kapepala katsopano. Chigawo cha Chingerezi analemba okha, koma cha Chichewa anati ndilembe ine. Ndinachilemba kasanu kuseri kwa kalendala ndisanakhutire. Chimanena kuti uwu ndi ukonde wa bwazi, anaung'amba ndi katumbu, anausoka ndi Che Ajibu a ku Lungwena, ndipo luso lopota bwazi likadalipo. Tsiku limene kapepalako kanamatidwa ndinapukuta galasi limenelo katatu, ngakhale linali la kumpoto, mbali ya mnzanga.

Zaka zotsala mpaka kupuma

Kuyambira pamenepo, bokosi lachitatu likabwera, Lolemba m'mawa ndinkakhala pakhonde la kuseri ndi munga wa mthethe, kumasula zimene ana asoka. Alendo ena akandiona ankafunsa kuti bamboyo akukonza ukonde, ndipo anzanga ankayankha kuti ayi, akuuwononga, ndiyo ntchito yake. M'kupita kwa nthawi ndinkatha kudziwa sukulu poona mfundo. Za ku Nkhudzi zinali zothina, zondithyola zikhadabo. Za m'tauni muno zinkamasuka ndikangoziyang'ana. Za ku Lungwena ndinkachita kuzisiyira tsiku lonse, chifukwa Che Ajibu, mpaka chaka chimene anatisiya, bokosi likafika ankakhala pakhonde la sukulu kuonetsetsa kuti mudzi wawo usachite manyazi. Pafomu ija, m'kampata kofunsa ngati pali chimene chasintha, ndinkalemba mawu omwewo ulendo uliwonse, kuti chibowo chasokedwa. Kamodzi kokha ndinalemba kuti palibe chasintha, ndipo Mayi Gondwe anatumiza kalata kusukuluyo kufunsa chimene chavuta.

Choncho adzukulu anga akadzafunsa kuti agogo awo ankagwira ntchito yanji, musadzawanamize kuti anali mphunzitsi, ngakhale ana a ku Malindi ankanditcha choncho. Mudzawauze kuti anayamba ndi tsache, anakwezedwa kufika panjinga, ndipo zaka khumi ndi zinayi zomaliza anali wobwezeretsa chibowo. Ndikulemba pano amayi anu abwera kudzandiuza kuti neti ya udzudzu ya kuchipinda yang'ambika, ndipo poti ndine katswiri wa maukonde ndikaisoke. Ndawafotokozera mwaulemu kuti mbali yanga inali yomasula. Angoika singano ndi ulusi pamwamba pa kopeli.